Usanapereke Ndalama ku Koleji, Yamba Wafunsa

Mnzanga wacinyamata, zotsatira za Giredi 12 zikatuluka, aliyense pamudzi asanduka mlangizi wako. Amalume afuna ukhale loya, amai akuti unesi ndiye wabwino, anzako a m'kwaya akuti bola ku Lusaka basi. Pa wailesi ndi pa Facebook makoleji aitana usana ndi usiku, ena mpaka kukulonjeza malo asanaone n'komwe satifiketi yako. Ine ndaphunzitsa ku sekondale kuno kum'mawa zaka zambiri, ndipo ana amene ndaona akunyamula masutukesi ndi osawerengeka. Funso limene ndifuna uyambe nalo ndi ili: kodi pepala limene udzatenga kumeneko, boma lilidziwa?

Kale funso limeneli linalibe nchito kwenikweni. Yunivesiti ya Zambia inatsegulidwa mu 1966, ya Copperbelt ku Kitwe mu 1987, ndipo kwa zaka zambiri mayunivesiti a boma anali awiri omwewo, kufikira Mulungushi ku Kabwe inabwera mu 2008. Makoleji nawo anali odziwika: Evelyn Hone, NRDC ya zaulimi, Chainama ya zaumoyo, NORTEC ku Ndola, ndi makoleji a uphunzitsi monga ya ku Chipata. Malo anali ocepa, ana anzeru ambiri anatsala kumudzi. Lero masukulu aculuka, ndipo ici n'cinthu coyamika Mulungu. Koma m'munda wocuruka mbeu namsongole sasowa.

Boma linaika alonda. Mayunivesiti ndi makoleji a maphunziro apamwamba ayang'aniridwa ndi Higher Education Authority, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2013. Masukulu a nchito zamanja ali pansi pa TEVETA. Mabungwe awiriwa ali ndi mndandanda wa masukulu olembetsedwa, ndipo ungauone pa intaneti ndi foni ili m'manja mwakoyo. Koma mvetsa bwino apa, cifukwa ambiri agwera pamenepa. Kulembetsa sukulu ndi nkhani ina, kuvomereza kosi ndi nkhani inanso. Koleji ingakhale yololedwa kuphunzitsa zamalonda, ndiye caka cino yangoyamba unesi popanda cilolezo ca kosiyo. Ngati ufuna unesi kapena uzamba, funsa a Nursing and Midwifery Council of Zambia. Ngati ndi ukiliniko ofesa kapena za m'labu, funsa a Health Professions Council of Zambia. Mphunzitsi aliyense alembetsa ku Teaching Council of Zambia. Awa ndiwo apereka laisensi yogwirira nchito, ndipo samva zakuti makolo anabvutika.

Mtsikana wina wa mumpingo mwathu, woimba bwino, wakhalidwe, anaona pepala lomata pa sitesheni ya basi. Panali cithunzi ca manesi ovala zoyera akumwetulira. Atate ake anagulitsa ng'ombe ziwiri, imodzi mwa izo inali yapagoli. Anaphunzira caka cathunthu m'nyumba ya zipinda zinai. Nthawi yopita kukaphunzira nchito m'cipatala itakwana, cipatala cinawakana onse, pakuti kosiyo sinali yovomerezeka. Mwini sukulu anangoti mapepala ali m'njira. Mpaka lero ali m'njira. Mtsikanayo anayambiranso kwina, koma mvula ya caka cimeneco banja lija linalima ndi makasu, ndipo mng'ono wake anakhala pakhomo cifukwa ndalama zinatha. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pali cizindikilo cimodzi cosavuta kuona. Makosi ambiri a dipuloma ndi digiri afuna makirediti asanu, Cingerezi cili momwemo, ndipo a zaumoyo afunanso masamu ndi sayansi. Wina akakuuza kuti bwera cabe ndi makirediti atatu, zina tidzakonza, thawa. Koposa kulembanso mayeso a GCE, caka cimodzi si imfa.

Tsono ndalama. Pa Luka 14:28 Ambuye akamba za munthu wofuna kumanga nsanja, amene ayamba wakhala pansi kuwerengera mtengo wake. Iwenso khala pansi ndi makolo ako, pensulo m'manja. Usawerenge ndalama za temu yoyamba zokha ai. Werenga zaka zonse zitatu kapena zinai, uikepo lendi, cakudya, ndalama za mayeso, yunifomu ndi zoyendera. Kucoka ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita oposa 500, ndipo maliro akagwa pamudzi udzafuna kubwera. Ndidziwa kuti mtima wako uli ku tauni, koma ku St Francis ku Katete ndi ku Mwami kuli masukulu a unesi, ndipo kumeneko amai angakutumizire unga ndi nshawa pa basi. Funsanso za ngongole ya boma ya HELSB, ukumbukire kuti ndi ngongole, udzabweza ukayamba nchito. Mu 2022 ndalama za CDF zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo mbali ina ilipirira acinyamata ophunzira nchito zamanja. Mafomu apezeka kudzera kwa akansala ndi komiti ya citukuko ya m'wadi mwanu.

Nchito zamanjazi ndiimepo pang'ono, cifukwa tizinyoza kwambiri, ngakhale ife aphunzitsi. Mu 2022 boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000, koma ofunsira anaposa 100,000. Ambiri anatsala, ena akali kudikira. Pamene iwo adikira, mnyamata amene anaphunzira zamagetsi kapena kuwocerera ku Chipata Trades agwira nchito lero, osalembera kalata munthu. Sindikuti uleke uphunzitsi ngati ndiwo maitanidwe ako. Ndikuti usasankhe kosi cifukwa ca mkanjo wa pa tsiku lomaliza maphunziro, umene ubvala maola atatu cabe.

Ngati n'kotheka, pita ukaione sukuluyo ndi maso ako usanalipire. Usathere mu ofesi muli mipando yofewa. Pempha kuona labu, laibulale, zimbudzi ndi kogona. Peza wophunzira wa caka cacitatu, mukhale pansi pa mtengo, umufunse ngati aphunzitsi abwera m'kalasi, ndiponso kuti amene anamaliza caka catha ali kuti. Iyeyo alibe cogulitsa, adzakuuza zoona. Ndipo sukulu ikakhala ndi dzina la m'Baibulo pacipata, ifunsenso mafunso omwewa. Ya mpingo yeniyeni idzakuonetsa satifiketi yake mosanyinyirika, nthawi zambiri ili pakhoma pomwepo. Ona tsiku limene inaperekedwa ndi tsiku limene ikutha mphamvu. Ndalama lipira ku banki, m'akaunti ya dzina la sukuluyo, osati pa nambala ya foni ya munthu, ndipo lisiti upereke kwa atate asunge.