Mlandu wa Mango

Chaka ndi chaka, mvula yoyamba ikangogwa, mango amaimbidwa mlandu m'midzi mwathu. Ife aphunzitsi a m'makalasi aang'ono timaumva mlanduwu kawirikawiri kuposa anthu ena, pakuti m'miyezi ya Novembala ndi Disembala ana ambiri amajomba, ndipo tikafunsa chifukwa, yankho la makolo limakhala limodzimodzi: "Aphunzitsi, mwanayu anadya mango, ndiye amutsegula m'mimba." Ena amachitira umboni kuti anaona ndi maso awo: mwana anangomaliza kudya, m'manja musanaume n'komwe, uyo liwiro la kuchimbudzi. Chigamulo sichichedwa. Mwana amaletsedwa kuyandikira mtengo, maboloma ndi kalisere n'kumangowolera pansi, pamene imeneyi ndiyo nyengo imene nkhokwe zambiri zapepuka.

Tsono ife amene tazolowera kukhala nawo pa milandu ya anthu tidziwa kuti si bwino kugamula tisanamve mbali zonse. Mango alibe pakamwa, choncho tiyeni tiwayankhulire pang'ono. Tiyambe ndi funso limene makolo ambiri salifunsa: kodi chakudya chimatenga nthawi yotani kuti chimalize ulendo wake m'thupi la munthu?

Ulendowo ndi wautali ndithu. Tikatafuna ndi kumeza, chakudya chimatsikira m'chifu pa kamphindi kochepa, koma m'menemo chimakhalitsa. Chifu chimachikanda ndi kuchisakaniza ndi madzi ake owawasa kufikira chitasanduka ngati phala, ndipo chimachitulutsa pang'onopang'ono. Kuti chakudya chamasana chichoke m'chifu pamafunika maola 2 mpaka 4, kapena kuposerapo ngati ndiwo zinali zamafuta. Zipatso ndi zakumwa zimachokamo msanga kuposa nyama. Kuchokera apo phala lija limalowa m'matumbo aang'ono, amene atchedwa aang'ono chifukwa cha kuwonda kwake chabe, pakuti kutalika kwake mwa munthu wamkulu ndi pafupifupi mamita 6. Umu ndimo thupi limayamwa zonse zolimanga ndi zolipatsa mphamvu, ndipo ntchitoyi imadya maola ena angapo. Zotsala zimafika m'matumbo aakulu, otalika ngati mita ndi theka, amene amayamwa madzi. Ndipo awa sapupuluma ayi, amasunga zotsalazo tsiku lathunthu, mwinanso masiku awiri. Tikaphatikiza zonse, chimene munthu wathanzi wadya lero chimatuluka pakati pa tsiku limodzi ndi masiku 3.

Wina angafunse kuti zimenezi anaziona ndani, popeza mimba ilibe zenera. Inatero mimba ina kukhala nalo zenera. M'chaka cha 1822, pa chilumba cha Mackinac ku America, mnyamata wina dzina lake Alexis St. Martin anawomberedwa mwangozi ndi mfuti chapamimba. Dotolo wa asilikali, William Beaumont, anamsamala mpaka anachira, koma bala linapola litasiya bowo lofika m'chifu. Dotoloyo anayamba kumangirira tizidutswa ta chakudya ku ulusi, n'kutilowetsa pabowopo, n'kumatitulutsa pakapita nthawi kuti aone m'mene tagayikira. Anapeza kuti mpunga wophika unkagayika pa ola limodzi, pamene nyama ya nkhumba yowotcha inkatenga maola oposa 5, ndipo zimene anaona anazisindikiza m'buku m'chaka cha 1833. Timamumvera chisoni mnyamata uja, pakuti si chinthu chokoma kusanduka kalasi ya munthu wina; komabe anakhala ndi moyo mpaka 1880, dotolo wake atamwalira kalekale. Ndipo tisaiwale kuti maola amene Beaumont anawerenga ndi a m'chifu mokha, chigawo choyamba cha ulendo.

Nanga mwana uja amathamangiranji atangomaliza kudya? Amayi amene amapita kuchigayo ayankhe. Mukathira chimanga chanu pamwamba, ufa woyamba kutuluka pansi si wanu ayi, ndi wotsalira wa mnzanu amene anali patsogolo. M'thupi zilinso chimodzimodzi. Chifu chikadzaza chimatumiza uthenga ku matumbo aakulu kuti akankhe zakale, papezeke malo a zatsopano. Uthengawu umakhala wamphamvu m'mawa, ndiponso mwa ana aang'ono. N'chifukwa chake khanda limaipitsa thewera likadali pabere, ndipo palibe mayi amene amati mkaka umene likuyamwawo ndiwo watuluka. Bango limene mwana wadya pa nthawi yopuma likadali m'chifu pamene iye akupempha chilolezo chotuluka m'kalasi. Chimene chikutuluka ndi cha dzulo kapena cha dzana. Wokayika adikire nyengo ya magwafa, adye limodzi ndi njere zake, aone tsiku limene njerezo zidzaonekere.

Sitikunena kuti mango alibe chifukwa konse. Muli shuga wambiri wa mtundu umene ophunzira amautcha fructose, ndipo matumbo aang'ono ali ndi malire a shuga ameneyu amene angathe kuyamwa pa nthawi imodzi. Wopitirira muyeso amakoka madzi kulowa m'matumbo, ndipo akafika m'matumbo aakulu, tizilombo tabwino timene timakhala m'menemo timamufufumitsa monga chimera chichitira ndi thobwa. Zotsatira zake ndi mpweya, kulira kwa m'mimba, kupotokola, ndi chimbudzi chofewa patapita maola angapo. Anthu amasiyana: wina mango 2 amukwana, wina amadya 6 osamva kanthu. Mango osapsa, amene anyamata amakonda kudya ndi mchere, ndi owawasa kwambiri, ndipo m'mimba mopanda kanthu amaluma. Koma vuto lotere limatha lokha pasanathe tsiku, lilibe kutentha thupi, lilibe magazi. Ndipo taona ife m'kalasi kuti ana amene amavutika chotere kawirikawiri ndi aja ochoka kunyumba osalawa kanthu, amene podutsa pansi pa mtengo amadya mango 10 m'malo mwa kadzutsa ndi nkhomaliro yomwe. Mwana wotere mankhwala ake ndi kaphala m'mawa, osati chikwapu. Kumuletsa chipatso n'kumulanda vitamini A, amene ali wochuluka m'mango ndi m'mapapaya akupsa, amene amateteza maso ndi kulimbitsa thupi pa matenda.

Choopsa chenicheni chili kwina, ndipo mango amangochitira ngozi yakupsa pa nyengo imodzi ndi icho. Walira mvula walira matope. Madzi oyamba amakokolola zonyansa za m'tchire ndi za m'zimbudzi zosefukira n'kuzithira m'zitsime zosatetezedwa ndi m'mitsinje. Ntchentche zimaswana, n'kumachoka kuchimbudzi kukatera pa bango logwa pansi ndi pa milomo yonata ya mwana. Mwanayo amatola bangolo, n'kulipukuta pa kabudula, n'kulisenda ndi mano, m'manja osasamba. Tizilombo timene wameza sitimugwetsa nthawi yomweyo. Timayamba taswana m'matumbo. Ta kolera timatenga maola 12 mpaka masiku 5 kuti matenda aoneke, ndipo ta taifodi timatenga sabata imodzi kufikira masabata 3. Zimene zimafulumira ndi zakudya zogona zimene zasasa, monga mpunga wa dzulo, zomwe zimatha kusanzitsa munthu pasanathe maola 6. Malungo nawo, amene ena amati amadza ndi mango, amadza ndi udzudzu woswana m'zithaphwi za mvula yomweyo, ndipo amaoneka patapita sabata kapena kuposerapo munthu atalumidwa.

Apa ndi pamene chigamulo cholakwika chimapweteka. Kholo likakhutira kuti wolakwa ndi bango, limadula nkhani. Silifunsanso kuti mwana anamwa madzi a pati dzulo ndi dzana, kapena kuti mtsuko wa m'nyumba amatungamo ndi chikho chanji. Ana ena onse amapitiriza kumwa pomwepo. Tonse tikukumbukira mliri wa kolera umene unayamba ku Machinga mu Marichi 2022 n'kufalikira dziko lonse, umene unatenga miyoyo yoposa 1,700. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha iwo. Mliriwo unakula kwambiri m'miyezi ya mvula. Kolera amatha kuumitsa munthu m'maola owerengeka, ndipo banja limene likudikira kuti "mango atuluke" likutaya maola amenewo.

Kwa inu anyamata ndi atsikana tinene mawu awa. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Timadziwa kuti nkhani ya kuchimbudzi imachititsa manyazi, makamaka kwa amene mwayamba kusinkhuka, ndipo ambiri mumabisa poopanso kukalipiridwa kuti munakwera mumtengo. Nenani msanga kwa amayi kapena kwa aphunzitsi. Mukatsegula katatu kapena kuposerapo pa tsiku limodzi, imeneyo si nkhani ya mango ochuluka chabe.

Ndipo inu makolo, mwana akatsegula m'mimba musamumane madzi poganiza kuti mukuumitsa m'mimbamo, pakuti chimene chimapha ndi kutha kwa madzi m'thupi. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini, ndipo mum'mwetse pang'onopang'ono nthawi iliyonse akachoka kuchimbudzi. Paketi ikasowa, mu lita imodzi ya madzi thiranimo masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Woyamwa apitirize kuyamwa, wamkulu adye phala ndi nthochi yakupsa. Kuchipatala ana aang'ono amawapatsanso mapiritsi a zinki oti amwe masiku 10 mpaka 14. Koma chimbudzi chikakhala choyera ngati madzi otsukira mpunga, kapena chikakhala ndi magazi, mwana akamasanza chilichonse, maso akalowa m'kati, liwombo likalowa, kapena akafooka mpaka kulephera kumwa, musadikire kuti kuche. Nyamulani botolo la madzi aja, muzim'mwetsa m'njira popita kuchipatala.