Mnyamata wa makala wa ku Japan

Tsiku limene ndinaphunzitsidwa kusiyanitsa katuni ndi anime, magetsi anali atazima, ndipo tinali pakhonde la mlongo wanga pa Chonde kudikira kuti nsima ipse. Ana anayi anali ataunjikana pamkeka, mitu itagundana ngati anapiye pa madeya, maso onse ali pa foni imodzi ya itel yong'aluka galasi pakona. Mwini foniyo anali mphwanga, mwana wachisamba wa mlongo wangayo, mnyamata wa Fomu 2 amene tindevu tayamba kale kutuluka. Nditasuzumira n'kuona kuti akuonera anthu ojambula pamanja, amaso aakulu ngati a kadzidzi, ndinamuseka.

"Iwe, msinkhu wonsewu ukuonerabe zidole?"

"Si zidole izi amalume, komanso si katuni. Ndi anime." Anayankha osandiyang'ana n'komwe. Kenaka, mwina pondimvera chisoni, anaimitsa kanemayo n'kundisendezera foni. "Uyu mukumuonayu ndi wogulitsa makala."

Apo m'pomwe anandikola. Mnyamata wa mufonimo dzina lake ndi Tanjiro, wa m'nkhani yotchedwa Demon Slayer. Amakhala kuphiri ndi mayi ake ndi abale ake, bambo anamwalira. Tsiku lina atsika ndi dengu la makala kumsana kukagulitsa m'tauni, mdima umugwera, agona m'nyumba ina panjira, ndipo pobwerera m'mawa apeza a pabanja pake ataphedwa ndi chiwanda. Wotsala ndi mlongo wake yekha, Nezuko, koma nayenso wasanduka chiwanda. Tanjiro sam'taya. Am'lowetsa m'bokosi lamatabwa, am'bereka kumsana, n'kuyamba ulendo wofuna mankhwala oti mlongo wake abwererenso kukhala munthu. Mphwanga anafotokoza zonsezi mosapumira, ndipo ine ndinkaganiza za anyamata amene ndimakumana nawo mbandakucha pamsewu wa ku Luchenza, akukankha njinga zolemedwa ndi matumba a makala. Ndinkaganizanso kuti kwathu kuno, kumene mwamuna amayesedwa ndi mmene amasamalira mbumba yake, nkhani ya munthu wobereka mlongo wake kumsana sifuna womasulira.

Ine pa msinkhu wakewo sindinkadziwa kuti ku Japan kuli nkhani. Dzina la Japan tinkaliwerenga pa zitsulo, kumbuyo kwa wotchi, pa injini ya chigayo, pa Datsun ndi Toyota zodutsa pamsewu. Linali dzina la katundu wolimba, basi. Anthu ake tinkawaona mwa apo ndi apo, poti achinyamata ongodzipereka ochokera ku Japan anayamba kubwera m'dziko muno mu 1971, ena kudzaphunzitsa masamu ndi sayansi, ena kudzathandiza m'zipatala. Koma tikamuona wina atakwera njinga, tinkamuthamangira tikukuwa kuti "Mtchaina! Mtchaina!" kwinaku tikutema mphepo ndi manja ngati a karate. Lero ndikakumbukira ndimachita manyazi. Kwa ife aliyense wochokera kum'mawa anali mbale wa Bruce Lee.

Wailesi yakanema kunalibe. Ulamuliro wonse wa Kamuzu Banda unatha dziko lino lilibe nyumba yakeyake youlutsira kanema. Tinali ndi wailesi ya Nzeru imene bambo ankaisunga ngati mankhwala, ndipo mabatire akatha tinkawayanika padzuwa kuti abwerere moyo. Tinalinso ndi agogo aakazi. Madzulo, nkhuku zitalowa, ankayamba ndi "padangokhala," ife n'kuvomera "tilitonse," ndipo kalulu, fisi, ana amasiye ndi zilombo za mitu yambiri zinkatulukira pamoto pomwepo. Za chinjoka chija Napolo sankazinena ngati nthano. Mu Marichi 1991, madzi ndi miyala zitatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi ku Phalombe, agogo anangoti, "Wadutsa," ndipo palibe anafunsa kuti ndani.

Mavidiyo anafika matipate atayamba. Kachipinda ka mdima kuseri kwa golosale, mabenchi a mapaini, jenereta ikulira kunja, chinsalu chakuda pakhomo ndi mnyamata wotolera matambala. Tinkatola nkhuni, kusenza katundu pamsika, ngakhale kuzembetsa mazira a mayi kuti tipeze yolowera. Bruce Lee, Jackie Chan, Rambo, Van Damme. Chingerezi sitinkamva, ndiye m'chipindamo munkakhala katswiri mmodzi amene filimuyo anaionera kasanu, ndipo ankatiuza zochitika zisanachitike. Chitonthozo chathu chinali chimodzi, chakuti mwini filimu safa. Koma mwini vidiyo akanayerekeza kuika katuni, tikanafuna ndalama zathu. Zojambula zinali za makanda a kutauni.

Television Malawi inayamba kuulutsa mu Epulo 1999. Chaka chomwecho ku Japan, Masashi Kishimoto anayamba kusindikiza nkhani yake ya Naruto m'magazini, ndipo One Piece ya Eiichiro Oda inayamba kuonetsedwa pa kanema. Ife tinkanyadira kuti tayamba kuona nkhope za owerenga nkhani, anzathu ali ndi zaka zoposa makumi atatu akupanga zojambula za pa kanema, kuyambira pa Astro Boy wa Osamu Tezuka mu 1963. Asuweni athu a ku Limbe, amene kwawo kunali dishi yogwira SABC ya ku South Africa, ankabwera patchuthi akukamba za munthu wina dzina lake Goku, wa tsitsi losongoka ngati chinanazi, amene ankasonkhanitsa mphamvu m'manja n'kuiponya ngati mphezi. Tinkangoti ndi matama a ana a m'tauni.

Chodabwitsa n'chakuti nkhope za anthu amenewa zinafika pa Chonde nkhani zawo zisanafike. Anazibweretsa ndi kaunjika. Pamulu wa zovala tsiku la msika munkatuluka timalaya ta kanyama kachikasu ka masaya ofiira, zikwama za sukulu za Goku, majuzi a anyamata onyamula malupanga. Azakhali anga anathyola tiyi nyengo zingapo za chisanu atavala juzi ya kanyama kachikasuko. Ankati ndi kalulu, ena ankati ndi mbewa. Panapita zaka zambiri kuti mdzukulu wawo awauze kuti ameneyo ndi Pikachu wa mu Pokémon, ndipo ndi imodzi mwa nkhope zodziwika kwambiri padziko lonse. Iwo anangoti, "Kaya, koma inali yofunda."

Chimene chinagwetsa mpanda ndi foni ndi memori khadi. Pa Chonde, monga pa malo ena onse a malonda, pali tizipinda ta anyamata a kompyuta kumene anthu amakabenetsa nyimbo ndi mafilimu. Kumeneko n'kumene mphwanga amatenga zambiri. Zina amakopa yekha usiku akagula bandulo yotchipa, zina amapatsana ndi anzake foni ndi foni, popanda kulipira kanthu. Naruto yonse, kuphatikiza gawo lachiwiri lotchedwa Shippuden, ili ndi zigawo 720, ndipo One Piece inadutsa kale 1,000. Memori yake singanyamule zonsezo, ndiye amaonera, kufufuta, kuikamo zina. Nthawi zina amalandira chigawo cha kutsogolo cha m'mbuyo chisanapezeke, ndipo mnyamata amene ali ndi chigawo chosowacho amakhala mfumu sabata imeneyo.

Ndisanamize anthu kuti mwana aliyense wa pa Chonde amadziwa zimenezi. Makomo ambiri alibe foni yoonetsa kanema, ndipo pamene ilipo imakhala ya bambo. Atsikana nthawi imene anyamata aunjikana pamkeka amakhala ali kumjigo kapena kukhitchini, ngakhale mlongo wake wa mphwanga amamudziwa Nezuko bwino lomwe, ndipo analuma kale kansungwi pakamwa kumutsanzira mpaka mayi ake anamukalipira. Koma ndinaona chinthu china. Amene sanaonere amauzidwa. Popita kusukulu m'mawa, mmodzi amakhala pakati akufotokoza chigawo cha dzulo ndi manja ndi miyendo yomwe, enawo akumudula ndi mafunso. Nkhani yojambulidwa ku Tokyo imamaliza ulendo wake pakamwa, m'kanjira ka pakati pa minda ya nandolo, monga mmene ankachitira katswiri wathu wa m'vidiyo uja, monganso ankachitira agogo.

Mu Marichi 2024, Akira Toriyama, mlengi wa Dragon Ball, nkhani ya Goku uja, atamwalira, mphwanga anaika chithunzi cha Goku pa WhatsApp ndi tinkhope tolira. Mlongo wanga anandiimbira foni ali ndi nkhawa. "Achimwene, mwanayu akulira maliro a ndani? Ndi wa kuchimuna kapena?"

Pali chimodzi chimene chimandiwawa, ndipo ndi Okutobala amene amandikumbutsa. Mwezi umenewu chaka ndi chaka Chonde imadzaza. Ndi pano pali likulu la Mulhako wa Alhomwe, gulu limene anayambitsa malemu Bingu wa Mutharika ali pulezidenti, ndipo anthu amachokera ku Thyolo, Phalombe, Chiradzulu, Zomba mpaka kutsidya kwa malire kudzavina tchopa, kudya kalongonda ndi kugula gondolosi. Tchopa yomweyi UNESCO inailemba mu 2014 pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Chaka china ndinaima ndi mphwanga m'khamulo, iye atavala malaya a nsalu ya Mulhako pamwamba pa tisheti ya Naruto. Wolengeza atakuwa kuti "Alhomwe, Alhomwe!" anayankha mokweza ndi anzake onse kuti "Noophiya!" Pobwerera kunyumba ndinamufunsa mawu ena a Chilhomwe amene amadziwa. Anaganiza, n'kuseka. Kenaka ndinamufunsa a Chijapanizi. Anayamba kuwerenga pa zala: arigato ndi zikomo, sensei ndi mphunzitsi, nani ndi chiyani, baka ndi chitsiru, nakama ndi mnzako wa pamtima. Zala zinatha mawu asanathe.

Ndinafuna kumudzudzula, koma lilime linalemera. Ndimudzudzule ndi chilankhulo chiti? Ineyo Chilhomwe changa ndi cha moni ndi mayina a ndiwo. Makolo a agogo anga anawoloka kuchokera ku Mozambique kuthawa nkhanza za Apwitikizi, n'kudzagwa m'thangata la m'minda ya azungu. Ankanyozedwa ndi dzina lakuti Anguru, ndipo ambiri anaphunzira kubisa chilankhulo chawo kuti ana asasekedwe. Pamene Chichewa chinkakhazikitsidwa kukhala chilankhulo cha dziko mu 1968, m'nyumba zambiri Chilhomwe chinali chitayamba kale kukhala cha akuluakulu pokamba zoti ana asamve. Agogo ankatiimbira nyimbo za m'nthano m'Chilhomwe, koma nthanoyo ankaikamba m'Chichewa. Chingwe chinaduka m'manja mwa amayi ndi mwanga. Japan anapeza malo ali osesa kale.

Ndipo mnyamatayu Chijapanizi sanachiphunzire chifukwa wina anamuuza kuti ndi chikhalidwe choyenera kusunga. Anachitola chifukwa chinabwera chitakwera pamsana pa nkhani imene inamugwira mtima. Naruto ndi mwana wamasiye amene mudzi wonse ukumusala chifukwa m'mimba mwake anatsekeramo chilombo, nkhandwe ya michira isanu ndi inayi, koma iye akulumbira kuti tsiku lina adzakhala mtsogoleri wa mudzi womwewo. Mwana wa kuno, amene waonapo mnzake akulozedwa chala kuti ndi mfiti, safunika kumufotokozera kuwawa kwake. Ndinazindikiranso kuti Chingerezi chowerenga cha mphwangayo n'chothamanga kuposa changa pa msinkhu umenewo, chifukwa mawu olembedwa m'munsi mwa kanema sadikira munthu.

Ndi iye yemwe anandiuza za Yasuke, munthu wakuda amene anafika ku Japan ndi wansembe wa Chijezwiti Alessandro Valignano, n'kukatumikira mtsogoleri wankhondo Oda Nobunaga mu 1581. Buku lina lakale la Chifalansa limati ankachokera ku Mozambique, ndipo Netflix inatulutsa anime ya dzina lake mu 2021. "Mwina anali Mlhomwe, amalume," anatero, maso akuwala. Ndinamuuza kuti asathamange, koma usiku umenewo inenso ndinagona ndikuganiza zomwezo.

Tchuthi chapitachi anandionetsa Spirited Away ya Hayao Miyazaki, filimu ya 2001 imene inapata mphoto ya Oscar. Kamtsikana ndi makolo ake asochera n'kulowa m'dera la mizimu, makolowo apeza chakudya chambiri chopanda mwini, ayamba kudya mosafunsa, ndipo asanduka nkhumba. Ndinamuuza aimitse kaye. Ndinamulozera kum'mawa kumene phiri la Mulanje linali litafunda mitambo, n'kumuuza zimene agogo ankanena za Sapitwa, kuti kumeneko munthu umatha kupeza nsima yotentha ndi ndiwo kapena nthochi zakupsa zitaikidwa pamwala popanda wophika, ndipo lamulo lake n'lakuti udye wekha mwakachetechete, osaitana mnzako, osatengako zopita nazo kunyumba, apo ayi subwerera. Ana onse anasiya foni n'kundiyang'ana. Aka kanali koyamba kuti ndiwalande maso.

"Ndiye amene anaitana mnzakeyo zinamuthera bwanji?"

Ndinafotokoza mmene ndinkakumbukira, pena n'kuwonjezera zanga. Nditamaliza, wamng'ono kwambiri anafunsa ngati pali chigawo chachiwiri.

M'mawa mwake ndikumwa tiyi, mphwanga anabwera ndi kope lake la Biology atalitsegula kumapeto. Anali atajambula ndi bolopeni chinjoka chikutuluka m'phiri, miyala ndi mitengo zikuuluka, madzi ali m'mbuyo mwake. Iyeyu namondwe wa Freddy wa mu Marichi 2023 anamuona ndi maso ake, ndipo anajambula madenga a malata akuyandama monga anawaonera. Kutsogolo kwa chinjokacho kunaima kamnyamata ka tsitsi losongoka, kovala chibiya cha tchopa m'chiuno, katagwira khasu ngati lupanga. Maso a Napolo anali aakulu, a ku Japan enieni.

"Amalume, kodi Napolo ali ndi nyanga? Ndasiya malo pamutupa."

Agogo sanatiuzepo za nyanga. Ndinamuuza kuti avale nsapato tipite kwa azakhali aja a juzi ya Pikachu, poti ndi okhawo atsala amene anakhala nawo pamoto nthawi yaitali kuposa ine. Anatenga kope ndi bolopeni, foni n'kuisiya pawindo, pa kasola, kuti itchaje.