Mwana woluma anzake

Ndine mlezi pa sukulu ya mmera mpoyamba m'mudzi mwathu kuno ku Phalombe, ija ambiri amangoti ya mkombaphala. Ana athu ndi a zaka 3 mpaka 5, ndipo akakwanitsa zaka 6 timawaperekeza ku Sitandade 1. Timaphunzirira m'kanyumba kamene makolo anaumba okha njerwa zake, koma dzuwa likaswa mtengo timakayala mphasa pansi pa mango. Ntchitoyi ndinailowa mongodzipereka, kenaka ndinapita ku maphunziro a ulezi a masabata awiri. Zambiri zandiphunzitsa ndi anawo.

Makolo akabwera amafunsa ngati mwana wayamba kuwerenga mpaka teni, ngati a, e, i, o, u akumudziwa. Timaphunzitsa ndithu zimenezo, ndi timiyala ndi zitsekerero za mabotolo. Koma thukuta langa lambiri limagwera pena: kuti mwana adikire mnzake athe, apemphe m'malo molanda, akakwiya anene ndi pakamwa.

Mukafuna kudziwa mtima wa mwana, bwerani nthawi ya phala. Timayamba ndi mzere wosamba m'manja pa mpondagiya, kachigubu kaja timapachika pamtengo, munthu n'kumaponda kamtengo pansi kuti madzi atsike. Lamulo lathu n'lakuti wasamba kale apondere wam'mbuyo mwake. Kwa mwana wa zaka zitatu, m'mimba mukulira ndipo fungo la phala la nsinjiro likumufika, kuima pamenepo chifukwa cha mnzake ndi ntchito yaikulu.

Namondwe wa Freddy atatisakaza mu Marichi 2023, anatibweretsera kamnyamata ka zaka zinayi. Nyumba yawo inapita ndi madzi, ndipo anakhala nthawi yaitali pa kampu ya anthu othawa madzi. Bambo ake anali ku Joni, iye amakhala ndi agogo ake aakazi. Sabata yoyamba yomwe analuma ana atatu, wina mpaka mano kudinda pamkono. Amayi a ana olumidwawo anabwera atapsa mtima, ndipo sindinawadzudzule. Agogo akewo, manyazi atawagwira, anandikokera pambali.

"Aphunzitsi, ameneyu musamunyengerere ayi. Thyolani kamtengo, ndakulolezani ine."

"Ndamva agogo," ndinatero, "koma tandipatsani milungu ingapo ndimuone kaye."

Ndinakana kamtengo, komabe ndinalakwa mwa njira ina. Tsiku lina ataluma kamtsikana, ndinamukalipira mokweza pamaso pa anzake onse n'kumuimika payekha kukhoma. Sanalire. Anangodzikodzera ali chiimire, maso ali pa ine. Usiku umenewo tulo sindinatione.

M'mawa mwake ndinayamba kulemba m'kope nthawi iliyonse imene waluma kapena wamenya, ndi chimene chinachitika zisanafike pamenepo. Patatha masabata awiri, kopelo linandiuza zimene maso anga sankaona. Posewera mpira wachikulunga analibe vuto. Mano ankatuluka nthawi ziwiri zokha: mphika wa phala ukaphulidwa, ndi kumwamba kukada mitambo. Mwanayu anali ataona kuti chakudya chimatha iwe usanalandire, ndiponso kuti mvula imagwetsa nyumba. Mawu onenera zimenezo analibe.

Ndinamupatsa ntchito yogawa makapu. Ndinkayamba ndathira phala lake iye akuona, n'kulivindikira ndi mbale, n'kuliika pawindo. "Lako ndi ili, palibe alikhudze. Tiye tigawire anzako." Masiku oyamba ankagawa khosi lili chopotokera kuwindoko. Akaluma, ndinkayamba kusamala wolumidwayo, kenaka n'kugwada kuti maso athu alingane, n'kunena pang'onopang'ono: "Wakwiya, ndaona. Kuluma ayi, kumapweteka. Nena kuti ndipatseko." Mawu omwewo, tsiku ndi tsiku, osasintha. Kukagunda bingu ndinkamukhazika pamiyendo panga, tonse n'kumaomba m'manja ndi kuimba mpaka kugundako kutatha. Sizinathe msanga. Mvula yotsatira itayamba analumanso kawiri, ndipo ndinakhala ngati ndataya mtima.

Woluma n'chimodzimodzi wolira: amakukakamiza kumuona. Amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi mwana wachete, uja aliyense amamuyamikira kuti ngwaulemu. Tinali naye wina wotero, wokhala yekha kumapeto kwa mphasa, wosalowa masewera, ukamuitana osatembenuka. Kunyumba ankati ngwamwano. Tsiku lina ndikumupukuta kumaso ndinaona mafinya m'khutu. Tinauza mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu, mayi ake anapita naye kuchipatala, ndipo zinapezeka kuti mwanayo sankamva bwino. Chiyambire pamenepo, mwana aliyense watsopano ndimamuitana motsitsa mawu ndili kumbuyo kwake, ndione ngati acheuke.

Chida changa chachikulu ndi masanje. Timawapatsa tizitini, dothi, masamba ndi zidole zoumba tokha, ife n'kukhala chapatali. Mkangano suchedwa, chifukwa aliyense amafuna kukhala mayi kapena bambo, palibe wofuna kukhala mwana. Kale ndinkathamangira kukaweruza. Masiku ano ndimadikira, pokhapokha dzanja likakwera m'mwamba. Kawirikawiri mumamva wina akuti, "Chabwino, iwe ukhala mayi lero, ine mawa," ndipo mawa lakelo amakumbutsana okha.

Kamnyamata kaja kanalowa nawo masanje mochedwa, ndipo nthawi zonse kankasankha kukhala wophika. Chaka chake chomaliza ndi ife, kunabwera mwana watsopano wolira kwambiri, amene anakankha mzere pa mpondagiya n'kumuponda phazi. Ndinadzuka msanga, mtima uli m'mwamba. Mnyamata uja anamuyang'ana, nsagwada zitalimba, kenaka anamugwira paphewa n'kumuimika kutsogolo kwake.

"Samba iweyo," anatero, phazi lili pa kamtengo. "Phala lilipo lambiri."