Ngongole Yanga ya pa Boma la Ntcheu

Akuluakulu amati mlandu suola. Ine pa zaka zimene ndakhala ndi moyo ndaona kuti ngongole nayonso siola, makamaka ngongole imene mwini wake sadakulondole nayo ngakhale tsiku limodzi. Yanga ndi ya tambala 90 zokha, koma ndayenda nayo kuchokera m'chaka cha 1983 kufikira lero lino.

Kwathu ndi kufupi ndi Biriwiri. Ndili mwana, Loweruka lililonse bambo ankamanga thumba la mbatata ya kachewere pa njinga kupita nalo ku msika wa pa boma la Ntcheu, ndipo nthawi zina ankanditenga kuti ndikawathandize kukankha pa zitunda. Msewu waukulu wochokera ku Blantyre kupita ku Lilongwe umadutsa pakati penipeni pa bomali, ndipo masitolo adandandalika m'mbali mwake, atelala atakhala pa makhonde ndi makina awo osokera. Bambo ankandilozera nyumbazo imodziimodzi nkumati kale zidali za Amwenye. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr. Kamuzu Banda lidalamula kuti Amwenye achoke m'madera a kumidzi, akachitire malonda awo m'mizinda monga Blantyre, Lilongwe ndi Zomba, ndipo pofika 1978 adali atasamuka. Nyumba zina zimene adasiya zidasanduka magolosale, zina malo omwera mowa, zinanso zidangokhala zotseka mpaka malata kuchita dzimbiri.

Kanyumba kena kopapatiza adachita lendi mkulu wina amene adapuma pa ntchito ya uphunzitsi. Anthu onse ankangomutchula kuti aphunzitsi. Masiku amenewo mabuku ophunzirira ankafika ku sukulu kudzera ku Malawi Book Service, kampani ya boma, choncho mkuluyu ankagulitsa zimene munthu amagula ndi ndalama za m'thumba mwake: makope, mapensulo, inki, Buku Lopatulika, mabuku a nyimbo za ku tchalitchi, magazini ya Moni, ndi mabuku a nthano a Chichewa. Kamodzi pa mwezi ankakwera basi ya UTM kukaoda katundu ku Blantyre ndi ku Limbe, nkubwera ndi makatoni awiri omanga ndi luzi.

Tsiku lina bambo adandituma kope. Nditalowa m'sitolomo, maso anga adagwera pa buku lotchedwa Nthondo, lolembedwa ndi Samuel Josia Ntara, limene lidasindikizidwa koyamba mu 1933. Ndidalitsegula ndili chiimire, ndipo ndidaiwala za kope, ndidaiwalanso kuti bambo akundidikira. Ndidadzidzimuka nditamva mawu kumbuyo kwanga.

"Mwanawe, bukulo ukugula kapena ukulimaliza pompano?"

Ndidachita manyazi kwambiri. "Pepani aphunzitsi, ndilibe ndalama."

Mkuluyo adandiyang'ana kwa kanthawi, kenaka adandifunsa kalasi yanga ndi mudzi wa kwathu. Adandiuza kuti ndiwerenge ndime imodzi mokweza. Nditamaliza, adatsegula kabuku kake ka ngongole, adalemba dzina langa ndi mtengo wa bukulo. "Tenga," adatero, "udzalipira ukadzayamba ntchito. Koma ukabwere udzandiuze chimene chidamusintha Nthondo."

Loweruka lotsatira ndidabwerera kukafotokoza. Kuyambira pamenepo, bambo akamagulitsa mbatata ine ndinkakhala pa katoni kuseri kwa chitseko nkumawerenga. M'menemo ndimo ndidakumana ndi Kukula ndi Mwambo ya J.W. Gwengwe ndi Ntchito ya Pakamwa ya E.J. Chadza. Mkuluyo ankalidziwa buku lililonse la m'sitolo mwake monga m'busa adziwira ng'ombe zake, ndipo ankadziwanso buku loyenera munthu aliyense wolowa pakhomo.

Nditasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko, ndinkafika pa boma patalipatali, ndipo nthawi iliyonse ndinkapeza msewu uja utasintha nkhope. Kuyambira cha mu 1986 anthu ambirimbiri othawa nkhondo ku Mozambique adalowa m'boma la Ntcheu, pakuti malire ali pafupi kwambiri, mwakuti m'malo ena monga pa Lizulu msewu womwewo ndiwo malire. Magalimoto onyamula chimanga ndi nyemba za chithandizo adachuluka, ndipo msika udakula. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome mu 1992, alendowo adayamba kubwerera kwawo. Mu 1994 boma lidaimasula kwacha kuti izipeza yokha mphamvu pa msika, ndipo idagwa kwambiri. Popeza mapepala osindikizira amachokera kunja, mitengo ya mabuku idakwera. M'chaka chomwecho boma la Bakili Muluzi lidayambitsa maphunziro aulere a pulayimale, ndipo ana a sukulu adachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Odziwa kuwerenga adachuluka pa nthawi imene buku lidayamba kusowa wogula. Kholo likakhala ndi kangachepe linkasankha kaunjika ndi feteleza, ndipo sindingalidzudzule.

Ine ndidayamba ntchito mu 1993, koma ndidazengereza. Ndinkati ndidzapita mwezi wa mawa, ndidzapita pa Khirisimasi. Pamene ndidatsika basi pa Ntcheu mu 1996, ndalama ili m'manja, ndidapeza m'kanyumba muja akuonetsa kanema wa vidiyo, ana atadzaza mpaka pakhomo. Telala wa pa khonde loyandikana adandiuza kuti aphunzitsi adagulitsa makope otsala, mabuku a nthano adapereka ku sukulu ina, ndipo adabwerera kumudzi kumene adamwalirira. Ndidafunsa za kabuku ka ngongole kaja. Telalayo adaseka nkunena kuti mudali mayina a ana okhaokha, ndipo sadaonepo mkuluyo akutumiza munthu kukatolera.

Masiku ano ndikamayenda mu msewu umenewu ndimaona masitolo a mafoni, timanyumba totumizira ndalama, mabanki, ogulitsa kaunjika ndi anyamata a kabaza. Zonsezi ndi zofunika, ndipo boma lathu lakula. Makope ndi zolembera sizisowa, mabuku okonzekera mayeso amapezekanso. Chimene ndimachifunafuna osachipeza ndi munthu wokhala kuseri kwa tebulo amene angamuone mwana wosauka akuwerenga chiimire, namuloleza kupita ndi bukulo kwawo. Malonda otere phindu lake lidali lochepa, nchifukwa chake sadapirire pamene zinthu zidavuta, koma ine ndi anzanga amene mayina athu adali m'kabuku kaja ndife phindu lakelo.

Buku la Nthondo lija ndikali nalo, ngakhale chikuto chidathothoka. Popeza mwini ngongole adatsogola, ndidaganiza zobweza mwa njira ina. Chaka chilichonse ndimagula mabuku angapo a Chichewa nkubwereketsa ana a kwathu ku Biriwiri, ndipo ndimalemba mayina awo m'kope. Ena amabweza, ena sabweza. Aliyense ndimamuuza mawu amodzi okha, kuti akamaliza abwere adzandifotokozere zimene wawerenga.