Foni m'thumba la a nesi

Lero nkhani yatalika pang'ono. Ngati bundle yatsala yochepa, muwerenge madzulo mukalongedza katundu.

Dandaulo limene ndimamva kawirikawiri pa thebulo langa, munthu akusankha tomato, ndi ili: "Tinafika ku kiliniki m'mamawa, koma ba Sister anali chabe pa foni." Ena amafika ponena kuti boma liziwalanda mafoniwo pa geti monga ana a sukulu. Ine kumeneko sindili nawo. Koma dandaulolo si labodza, ndipo ndiyambe ndi kukuikirani kumbuyo.

Inu ndi ine timadziwa lamulo la msika. Ukaweramira foni kasitomala ataima patsogolo pako, sakudikira. Amapita pa thebulo la mnzako, K20 yako yapita. Msika umalanga wokha, pompo. Koma wodwala alibe thebulo lina. Mayi amene wayenda wapansi kuchokera kumafamu kuno ku Palabana, mwana wotentha thupi ali kumbuyo, sanganene kuti ndikagula kwina. Ku chipatala cha boma ku Chongwe n'kutali, ku Levy Mwanawasa kapena ku UTH pafunika ya basi ndi kalata yokutumiza. Amangokhala pa benchi n'kumaonerera chala cha munthu chikutsetsereka pa galasi. Ife a msika njala ndiyo imatiwongola. Kuchipatala njala siwongola munthu chifukwa malipiro amabwera ndithu pakutha pa mwezi, n'chifukwa chake kumafunika lamulo: Facebook, TikTok ndi macheza a pa WhatsApp zidikire nthawi yopuma, kutali ndi maso a odwala.

Manje tikambenso zoona za mbali inayo. Si aliyense wogwira foni amene akusewera. Foni yomweyo ndiyo imaitana ambulansi pamene mayi woyembekezera wayamba kutaya magazi. Ndiyo imene a nesi a kumudzi amafunsira kwa dokotala amene ali kutauni, ndiyo amawerengera mlingo wa mankhwala molingana ndi makilo a mwana. Mu 2010 Unduna wa Zaumoyo ndi UNICEF anayamba ntchito yotchedwa Project Mwana, imene inkatumiza pa SMS zotsatira za magazi a makanda obadwa kwa amayi amene ali ndi HIV, m'malo modikira pepala kwa masabata ambirimbiri. Lero mbiri ya odwala ambiri ili mu SmartCare, ndiye munthu angaoneke ngati akusewera ndi kompyuta pamene akulemba za inu nomwe. Nanga mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, malaiti akumapita pafupifupi tsiku lonse, tonse sitinkaunikira ndi tochi ya pa foni? Mulande foniyo pa geti, mwalanda zonsezi pamodzi.

Chimene chimandisowetsa tulo ine ndi kamera.

Zaka zingapo zapitazo panali mayi wina, mnzathu wa malonda, amene ankagulitsa vitumbuwa ndi munkoyo. Dzina sinditchula, ngakhale chipatala chake. Mtsikana wina wogwira ntchito kumeneko linali tsiku lake lobadwa. Anadzijambula mu yunifomu, akumwetulira, n'kuika pa status. Analibe cholinga choipa ngakhale pang'ono. Koma kumbuyo kwake, pa benchi la pakhomo pamene anthu amalandirira ma ARV, panakhala mayi uja, ndi chitenge chimene msika wonse unkachidziwa. Status imazimirira pakatha maola 24. Screenshot sizimirira. Pofika madzulo chithunzi chinali chitazungulira, wina atajambulapo kamzere kofiira kuzungulira mutu wa mayiyo.

Sabata lotsatira beseni la vitumbuwa linkabwerera kunyumba lodzaza. HIV siyenda m'chakudya, aliyense anauzidwa zimenezi kambirimbiri, koma anthu ankangodutsa, ena n'kumapereka moni wa patali. Achibale a mwamuna wake anamva nkhaniyi kwa anthu ongodutsa m'njira, iye asanakonzeke kuwauza yekha. Choopsa kuposa zonse, kwa miyezi ingapo analeka kupita kukatenga mankhwala, poopa benchi lija. Anayambanso pambuyo pake, ku chipatala china chakutali, kumalipira basi mwezi ndi mwezi pa mankhwala amene akanalandira pafupi kwaulere. Mtsikana uja mwina mpaka lero sadziwa kuti chithunzi chake chinadya kapito ya munthu.

Malamulo pa nkhaniyi alipo, si kuti dziko lili chete. Anamwino ndi azamba ali pansi pa Nursing and Midwifery Council of Zambia, molingana ndi lamulo la 2019. Madokotala, ma clinical officer ndi a ku labu ali pansi pa Health Professions Council of Zambia. Onsewa laisensi yawo amaikonzanso chaka ndi chaka, ndipo kuulula chinsinsi cha wodwala ndi mlandu umene ungamulanditse munthu laisensiyo. Data Protection Act ya 2021 imaika nkhani za thanzi la munthu m'gulu la zinthu zofunika kusungidwa mwapadera. Ndiye inu ana athu amene muli m'makoleji a unesi, ndikudziwa ena mumawerenga kuno: chithunzi cha mu wodi, cha fayilo, cha bala la munthu, ngakhale mutabisa nkhope, chisafike pa status. Kumalo ngati kwathu kuno munthu timamuzindikira ndi chitenge, ndi duku, ndi nsapato zimene zili pansi pa bedi.

Koma a nesi sachimwa okha. Wogula akapanda kufunsa, wogulitsa sabweretsa.

Ndani amene amakumana ndi mlongo wa mu kwaya amene amagwira ku kiliniki, n'kumukokera pambali tikatuluka m'tchalitchi? "Ba Sister, a uje ndinawaona kwanu Lachiwiri, akudwala chiyani? Ndifuna chabe ndiwapempherere." Akakana kuyankha timati ndi wonyada, sukulu yamulowa m'mutu. Ndani amene amalowa mu wodi nthawi yoona odwala, foni m'mwamba, n'kujambula agogo ali pa dripi, kukamwa kuli yasa, n'kutumiza ku gulu la mapemphero? Pa bedi loyandikana pali mwana wa eni, nayenso walowa m'chithunzi. Ndipo pakagwa ngozi pa Great East Road, zithunzi zimafika m'mafoni athu apolisi asanapeze achibale. Pali amayi amene anadziwa za imfa ya mwana wawo poona malaya ake pa Facebook. Kale uthenga wa maliro unkanyamulidwa ndi akuluakulu awiri, ankafika, kukhala pansi, kuyamba apempha madzi akumwa.

Muwerenge Genesis mutu 9 mukapeza mpata. Nowa atagona wosavala m'hema mwake, mwana mmodzi anaona n'kutuluka kukauza abale ake. Awiri enawo anatenga chofunda n'kulowa chafutambuyo kuti asaone, n'kufunditsa bambo wawo. Wodwala ndi munthu wovula. Amavula malaya, amavulanso zimene sanauzepo mkazi wake kapena abusa. Amatero chifukwa akukhulupirira kuti amene ali patsogolo pakeyo walowa ndi chofunda.

Ife a malonda izi si zachilendo. Aliyense wa ife ali ndi kabuku ka ngongole. Ndimadziwa nyumba imene yatenga pamela pa ngongole masiku atatu otsatizana, ndimadziwa aphunzitsi amene mwezi wawathera pa 10. Mtsikana wa pa booth ya Airtel Money amadziwa amene amalandira ndalama kuchokera kwa ndani. Tsiku limene tingayambe kuwerenga mabuku amenewa mokweza, msika watha. Kabuku ka a nesi n'kolemera kuposa kathu.

Mukakhumudwa ndi wantchito amene akuseweretsa foni inu muli pa mzere, musatulutse yanu n'kuyamba kumujambula, chifukwa mujambula ndi odwala anzanu. Funsani amene ali in-charge, kapena kambani ndi a Neighbourhood Health Committee a m'dera lanu. Ntchito yawo ndi imeneyo. Nenani tsiku, nthawi ndi chimene munaona.

Ndipo inu amene mumanditumizira mayina a odwala kuti tiwakumbukire m'mapemphero a Lamlungu, pitirizani, ndimalandira ndi manja awiri. Koma muyambe mwamufunsa mwini wakeyo ngati akufuna kutchulidwa. Dzina loyamba n'lokwanira, matenda ake musalembe. Zithunzi za pa bedi musanditumizire. Zikafika ndizingofufuta, ndipo musadzakhumudwe mukapanda kuziona pano.