Makina akale akamalira, musanamizire sipika

Makina akale a masewera, monga Pac-Man ya mu 1980, akayamba kulira kuti "huuu" osalekeza, ambiri amathamangira kukagula sipika ina. Kumeneko n'kutaya ndalama, chifukwa sipika imangotulutsa zimene yalandira. Vuto likhoza kukhala pa magetsi. Magetsi a ku America amasinthasintha ka 60 pa sekondi, ndipo akadutsa mu rectifier amatsala akugunda ka 120 pa sekondi. Osalaza kugundako ndi ma capacitor akuluakulu, koma pakapita zaka 40 amakhala atauma m'kati. Ena amatupa pamwamba, ena amachucha n'kudetsa bolodi. Kuti mudziwe gwero la phokosolo, tsitsani voliyumu mpaka pansi. Kulirako kukapanda kusintha, yambani kufufuza magetsi olowa mu amplifier ndi waya wa ground amene wachita dzimbiri polumikizira.

Wina anena kuti ataika sipika yatsopano phokoso linachepa. N'zotheka ndithu, koma mwina yatsopanoyo ndi yaing'ono, yolephera kutulutsa mawu a besi, ndiye vuto langobisika, ma capacitor akupitirirabe kufa. Ena amati makinawa ankalira choncho kuyambira kale. Pang'ono inde, koma osati mpaka kumiza nyimbo ya masewerawo. Potsegula kumbuyo samalani, chubu cha sikirini chimasunga magetsi oopsa ngakhale mutazula pulagi.