Mudzi wa Pamateyala: Masika Amene Ndidaona kwa Eni



Tsiku limene mwana wanga wamkazi, amene ndi namwino ku America, adandiuza pa lamya kuti iye, mwamuna wake ndi mwana wawo atuluka m'nyumba ya lendi ndipo akukhala pa msasa, ndidatha masiku atatu osauzako munthu aliyense. Kwa ife liwu lakuti msasa silimveka bwino m'khutu. Msasa ndi wa matenanti a pa esiteti ya fodya, wa asodzi a m'mphepete mwa nyanja, kapena wa anthu othawa nkhondo ndi madzi osefukira. Kodi ine, amene ndidagwira choko zaka zonse zija ndi kudzimana kuti mwanayo aphunzire, ndikanawauza chiyani anzanga? Koma poti safunsa adadya phula, ndidaganiza zokaona ndekha, ndipo kumapeto kwa mwezi wa September m'chaka cha 2023 ndidakafika.

Malowo ali kumpoto kwa dera la Indiana, pakati pa mzinda wa South Bend, kumene kuli Amalawi ambiri ndithu, ndi mzinda wa Elkhart. Elkhart ndi wotchuka chifukwa makalavani ambiri a m'dziko la America, amene eni ake amawatcha RV, amapangidwa m'mafakitale a kumeneko ndi madera ozungulira. Mkamwini wanga amagwira ntchito mu imodzi mwa mafakitalewo, limodzi ndi anthu a mtundu wa Amish, amene kwawo amayenda pa ngolo zokokedwa ndi akavalo koma kuntchito amapanga nyumba zokokedwa ndi galimoto. Kalavani ya ana angayo ndi yotalika mamita 11. Muli chipinda chogona, bafa, mbaula ya gasi, firiji ndi tebulo limene usiku limasanduka bedi. Kunja kuli mtengo wolumikizapo magetsi, mpopi wa madzi ndi paipi ya zonyansa. Amalipira mwini malo mwezi ndi mwezi, ndipo ndalama imene amapulumutsa poyerekeza ndi lendi ya m'tauni ndi imene ikuphunzitsa ena mwa inu amene mukuwerenga nkhani ino. Nditamva zimenezi manyazi anga adayamba kundichititsa manyazi.

Vuto loyamba lidali la mwambo. Mukudziwa kuti mpongozi ndi mkamwini amapatsana mpata. Sagona mopumirana, sadutsana pa khomo la bafa. M'kalavani munthu akatembenuka pabedi nyumba yonse imagwedezeka. Usiku woyamba ndidagona patebulo paja maso ali gwa, mkamwini wanga nayenso akuopa ngakhale kutsokomola. M'mawa mwake bambo wina wokalamba wa kalavani yoyandikana nafe, amene kale ankayendetsa malole a katundu, adamva nkhaniyi kwa mwana wanga, naseka kwambiri, kenaka nati kwake kuli bedi limene lakhala lopanda munthu chimwalirire mkazi wake. Ndidakana kawiri monga mwa ulemu, kachitatu ndidanyamula chikwama changa. Miyezi iwiri yathunthu ndidagona kwa mzungu amene dzulo lake sindinkamudziwa.

Iyeyu ndiye adandiphunzitsa kuwerenga mudziwo. Adati pa msasa pali anthu a mitundu itatu. Pali odzacheza Loweruka ndi Lamlungu, amene ali ndi nyumba zawo m'tauni. Pali amene amawatcha mbalame zothawa chisanu, okalamba amene amakhala kumpoto nyengo yotentha, kukayamba kuzizira n'kukoka nyumba zawo kupita ku Florida, Texas kapena Arizona. Ndiye pali okhazikika, amene alibe kwina: anamwino ndi amisiri oyenda ndi ntchito, mabanja osunga ndalama, ndi ena onga iye amene adagulitsa nyumba kuti alipire ngongole za kuchipatala za mkazi wake. Ena mwa okhazikikawa amatchetcha udzu ndi kukonza zimbudzi za pamsasapo m'malo molipira malo. Okhazikikawo adali ndi lamulo losalembedwa: wokalamba aliyense wokhala yekha azitsegula katani ya zenera lake akadzuka. Ikakwana 8 koloko katani isanatseguke, wina amakagogoda. Ndidazindikira kuti uku ndi kuja ife timati kudzutsa munthu, koma kochitidwa ndi nsalu.

Nyengo imene ndidafikayo ndiyo masika awo. Pamene kuno mwezi wa October dzuwa likuswa mtengo ndipo tikukonza minda, iwo amakhala akukolola. Minda ya chimanga ndi soya yosaoneka malire ake inkadulidwa ndi makina usiku ndi usana. Mitengo ya maple idafiira ngati yathiridwa moto. Ndidakumbuka mapiri a kwathu mwezi wa September, pamene mombo ndi tsamba zimafiira, koma ndidaona kusiyana kwake: kwathu tsamba lofiira ndi longophuka kumene, kwawo tsamba lofiira ndi lotsanzika. N'chifukwa chake zikondwerero zawo za nyengoyi zili ndi kachisoni mkati, ngati phwando la munthu amene mawa ali paulendo.

Chikondwerero choyamba chidali mpikisano wophika chili, ndiwo za nyemba, nyama yogaya, tomato ndi tsabola. Miphika idandandalikidwa pansi pa chisakasa, aliyense n'kumalawa ndi kuponya kapepala mu chitini cha mphika umene wamukomera. Chodyera chake chidali mkate wa ufa wa chimanga, umene nditauluma ndidati, ichi n'chigumu chathu chomwe. Mwana wanga adaphika nsima, ndipo anthu adaidya ndi supuni, kupatulapo mnzanga woyendetsa malole uja amene adasamba m'manja n'kuyesa kukanya mbamu monga ndidamuonetsera. Pamenepo mpamene mayi wina, mphunzitsi wopuma ngati ine, adandikumbutsa kuti chimanga, nyemba ndi maungu kwawo kwenikweni ndi ku America, ndi kuti eni nthaka a kumeneko ankabzala zitatuzi pa phando limodzi kalekale azungu asanafike. Chimanga chidafika mu Africa ndi zombo za Apwitikizi. Ndidaganiza za munda wa amayi anga, momwe nyemba zinkayanga pa phesi ndipo maungu ankayala pansi, ndipo ndidaona kuti mlendo weniweni pa chakudya chija sindidali ine.

Chimene chidandivuta ndi Halloween. Tsiku lake ndi 31 October, usiku wotsogolera tsiku la Oyera Mtima Onse, ndipo miyambo yake yambiri idapita ku America ndi anthu a ku Ireland ndi Scotland, makamaka amene adathawa njala ya mbatata imene idayamba mu 1845. Kwawoko ankasema nkhope pa mpiru wa mizu ikuluikulu. Atafika ku America adapeza kuti dzungu limasemeka bwino. Pa msasa chikondwererochi adachichita Loweruka, pa 28 October, kuti odzacheza aja akhalepo. Makomo onse adakongoletsedwa ndi mafupa a anthu apulasitiki, akangaude, ndi timiyala ta pamanda. Mtima wanga udawawa. Ine ndidakula m'dziko limene manda amalowedwa ndi adzukulu okha ndi chilolezo cha mfumu, ndiponso limene liwu lakuti mfiti laphetsa nkhalamba zosalakwa. Ndidauza mwana wanga kuti mdzukulu wanga, wa zaka zisanu ndi ziwiri, asapite nawo. Mtsikanayo sadalire mokweza. Adangokhala pa sitepe ya kalavani atagwira chovala chake cha mkango, chimene amake adasoka usiku atachoka ku ntchito.

Mwana wanga adagwada pambali panga nati, "Bambo, mwanayu ndi yekhayo wakuda pa msasa uno. Akatsala lero, mawa anzake adziwa kuti si mmodzi wa iwo. Inu khalani pakhomo ndi mbale ya maswiti, muone nokha, kenaka muweruze." Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndidakhala pampando ndi mbale ija. Ana adabwera m'magulumagulu, wina wavala ngati dokotala, wina ngati njuchi, wina ngati chigoba cha munthu, aliyense akunena mawu awo aja otanthauza kuti tipatseni switi, apo ayi tikuchitani chipongwe. Ndidaona chinthu chimene maso anga okwiya sakadachiona: madzulo amodzi okhawo mwana aliyense adagogoda pa khomo lililonse, ndipo panalibe khomo limene lidamukana. Nkhalamba zimene sabata yonse sizilankhula ndi munthu zidakhala panja zitafunda mabulangete, zikufunsa ana mayina awo. Mdzukulu wanga adabwera thumba lili tho, akutchula makalavani onse ndi eni ake. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Musandimve molakwa: kusewera ndi manda sindikuvomereza mpaka lero, ndipo amene amafanizira zimenezi ndi Gule Wamkulu amalakwitsa, pakuti chigoba cha kudambwe chili ndi chinsinsi ndi ulemu wake, pamene ichi n'chogula m'sitolo ndipo mwana amachivula kuti adye switi. Koma ndidavomera kuti ndikadaumirira, ndikadamutsekera mwanayo makomo makumi ambiri chifukwa cha mantha anga.

Maungu osemedwa aja nawo adandidandaulitsa. Munthu amene adaona njala ya 2002 sangapenyerere dzungu likuwola pakhomo. Nditadandaula, adandiuza kuti mtundu umenewo ngwamadzimadzi, wolimidwira kusema, ndipo chikondwerero chikatha amawasonkhanitsa n'kukapatsa mlimi wina wa nkhumba. Nthanga zake tidakazinga ndi mchere, ndipo pamenepo mtima udakhala pansi.

Pa tsiku lenileni la 31 October kudagwa chipale chofewa, choyamba kuchiona m'moyo wanga. Sabata yotsatira mbalame zothawa chisanu zija zidayamba kunyamuka, tsiku lililonse malo awiri kapena atatu n'kutsala ndi udzu wofota pamene padali nyumba. Otsalawo adayamba ntchito yokonzekera chisanu. Kalavani imakhala pamwamba pa mateyala, ndipo mphepo ikamadutsa pansi pake madzi amaundana m'mapaipi n'kuwaphulitsa. Choncho amatchinga kunsi konse ndi matabwa a thovu louma, amakulunga paipi ya madzi ndi waya wotenthetsa, ndipo amadzazitsa mabotolo a gasi. Loweruka lina amuna onse adayamba pa kalavani ya mayi wamasiye, n'kumapita khomo ndi khomo, akazi akubweretsa khofi ndi supu. Ine adandipatsa ntchito yogwira tepi yoyezera, poti ndidali mphunzitsi wa masamu. Iyi idali dima yeniyeni, kungosowa thobwa. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale dengalo likhale lachitsulo.

M'mawa wina wa mwezi wa November ndidadzuka ndisanamve mnzanga uja akutereka ketulo monga mwa masiku onse. Ndidamupeza ali pansi m'mbali mwa bedi, akulankhula mosamveka, mkamwa mutapotoka. Ndidathamanga wopanda nsapato pa nthaka youma ndi chisanu kukadzutsa mwana wanga, amene atangomuona adaitana ambulansi. Madokotala adati kudali kufa kwa ziwalo kongoyamba, ndipo kufulumira ndiko kudamupulumutsa. Iye adandipatsa bedi pofuna kundichotsa manyazi a chipongozi, osadziwa kuti akudziikira mlonda. Kupatsa n'kuika.

Adatuluka m'chipatala kutatsala masiku ochepa kuti lifike tsiku la Thanksgiving, limene limakhala Lachinayi lachinayi la mwezi wa November. Chaka chimenecho lidali pa 23. Tsikuli amalikumbukira kuchokera ku phwando la zokolola la mu 1621 ku Plymouth, pamene Angerezi obwera kumene adadya limodzi ndi anthu a mtundu wa Wampanoag. Abraham Lincoln adalilengeza kukhala la dziko lonse mu 1863, ndipo nyumba ya malamulo idakhazikitsa tsiku lake mu 1941. Mphunzitsi mnzanga uja sadabise mbali yowawa ya mbiriyi. Adati nthaka imene tidakhalapo idali ya anthu a mtundu wa Potawatomi, ndipo mu 1838 anthu oposa 850 a mtunduwo adathamangitsidwa ku Indiana pa mfuti kupita ku Kansas, oposa 40 n'kufera panjira, ambiri mwa iwo ana.

Tidasonkhana m'holo ya pamsasa, anthu osapitirira makumi atatu. Mauvuni a m'kalavani ndi aang'ono, nkhukundembo yathunthu siilowa, choncho mwini malo ndiye adaiotcha, ena onse n'kubweretsa mbale imodziimodzi: mbatata yosinja, nyemba zaziwisi, chitumbuwa cha dzungu. Tisanadye aliyense adanena chimene akuthokoza, monga timachitira pa tsiku la masika ku tchalitchi pamene tabwera ndi madengu a chimanga. Mnzanga uja, lilime likadali lolemera, adangoloza ine ndi ndodo yake. Mdzukulu wanga adati akuthokoza chifukwa agogo ake abwera kwathu. Liwu lakuti kwathu lidandilasa, pakuti iye ankanena kachigawo ka miyala ka nambala yake, kamene makolo ake amalipira pamwezi.

Tsono ndisakunamizeni kuti msasa ndi mudzi. Pamalo paja palibe mfumu, pali mwini malo, amene akafuna akhoza kukweza mtengo kapena kugulitsa nthaka anthu onse n'kubalalika. Palibe manda, ndipo mudzi wopanda manda ndi mudzi wa anthu odutsa. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. N'chifukwa chake ndidapempha ana anga kuti mtsikanayo adzabwere kudzaona pamene padakwiriridwa mchombo wa amake. Koma ndidabwerera nditadziwa kuti zimene zimasandutsa malo kukhala mudzi, kudzutsana m'mawa, kugwirizana pa ntchito, kudyera pamodzi ndi kulerana ana, ndidazipeza pa mateyala, pamene m'matauni athu ena, m'nyumba za njerwa zozingidwa ndi mipanda, munthu amamwalira woyandikana naye osadziwa.

Mnzanga uja adasamukira kwa mwana wake ku Ohio m'chaka cha 2024, ndipo pamalo pake pali banja lina. Anzanga a kuno akandifunsa kumene mwana wanga amakhala, tsopano ndimayankha mosazengereza kuti amakhala pa msasa, ndipo ndimawakokera mpando kuti ndiwafotokozere bwino.

Tsalani bwino adzukulu anga. Mawa mukadzuka, kadzutseni oyandikana nanu.

Ndine agogo anu.